Boma lisanakweze misonkho, litseke kaye pamene ndalama zikutayikira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa vuto limene likusautsa maboma ambiri, la bajeti imene imaperewera chaka ndi chaka chifukwa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito zimaposa zimene limatolera. Kuperewera kwa chaka chimodzi chifukwa cha chilala, mliri kapena nkhondo si koopsa, ndipo nthawi zina n'koyenera. Choopsa ndi kuperewera kumene kwazika mizu, pakuti boma limakongola kuti likwaniritse bajeti, chiwongoladzanja n'kumakula, mpaka limayamba kukongola kuti lilipire chiwongoladzanja chomwecho, mankhwala m'zipatala ndi mabuku m'sukulu zikusowa. Ngongoleyo ikamatengedwa m'mabanki a m'dziko momwemo, alimi ndi amalonda amasowa powakongoza, popeza banki iliyonse imaona kuti kukongoza boma n'kosavuta ndiponso n'kopindulitsa.

Pali njira zimene zimaoneka zachidule koma zimapweteka. Kulamula banki yaikulu kuti isindikize ndalama n'kumene kunafikitsa Zimbabwe pa kukwera mitengo koopsa kwa mu 2008. Kutsitsa misonkho pofuna kusangalatsa anthu nakonso kuli ndi malipiro ake: dziko la Sri Lanka linatsitsa msonkho wa VAT kuchoka pa 15 kufika pa 8 peresenti kumapeto kwa 2019, ndipo pofika mu 2022 linalengeza kuti laimitsa kubweza ngongole zakunja. Ndipo kungounjika misonkho pa anthu otopa kale kumabutsa mkwiyo, monga zinachitikira ku Kenya mu June 2024, pamene achinyamata anachita zionetsero mpaka Pulezidenti William Ruto anakana kusainira lamulo la misonkho yatsopano.

Maganizo anga ndi akuti boma liyambe ndi kutseka pamene ndalama zikutayikira, chifukwa kuthira madzi mumtsuko wobowoka n'kudzivutitsa chabe. Pamndandanda wa malipiro a ogwira ntchito m'boma nthawi zambiri pamapezeka mayina a anthu amene anamwalira kapena anasiya ntchito kalekale, koma malipiro awo amatulukabe mwezi ndi mwezi, wina n'kumakatapa. Kampani yaikulu imakhululukidwa msonkho kwa zaka zambiri ndi kalata imodzi yosainidwa mu ofesi, aphungu osadziwa, pamene mphunzitsi amadulidwa msonkho malipiro asanafike n'komwe m'manja mwake. Onjezerani apo makontirakiti a mitengo yofufumitsa ndi makampani a boma amene amaluza chaka chilichonse n'kumayembekeza kuti Nduna ya Zachuma iwaombola. Kukonza zimenezi sikulanda kanthu kwa munthu wosauka, koma kumafuna kulimba mtima, chifukwa opindula nazo amakhala pafupi ndi olamula.

Sindikunena kuti zimenezi zokha n'zokwanira. Kumene kuperewera kwakula, kudzimana sikungapeweke, ndipo apa m'pamene nkhani ya Jamaica ili yofunika kuilingalira mofatsa. Mu 2012 ngongole ya dzikolo inali yoposa 140 peresenti ya chuma chonse chimene dzikolo limapanga pa chaka. Mu 2013 boma linagwirizana ndi bungwe lokongoza maiko ndalama la IMF kuti, tikapatula chiwongoladzanja, ndalama zotolera ziziposa zogwiritsa ntchito ndi 7.5 peresenti ya chumacho, umene unali mlingo wowawa kwambiri. Mabungwe a ogwira ntchito m'boma anavomera kuti malipiro asakwezedwe kwa kanthawi, ndipo amene anakongoza boma m'dzikomo anavomera chiwongoladzanja chotsika. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anakhazikitsa komiti yotchedwa EPOC, mmene munali amalonda, a mabanki ndi oimira ogwira ntchito, imene inkaunika ziwerengero za boma n'kumauza anthu poyera ngati malonjezo akukwaniritsidwa kapena ayi. Boma litasintha pa chisankho cha mu 2016, olowa kumene sanataye ndondomekoyo, ndipo pofika 2023 ngongole ija, poyerekeza ndi chuma cha dzikolo, inali itatsika pafupifupi ndi theka. Anthu anapirira chifukwa ankaona kuti katunduyo akusenzera limodzi, komanso kuti ziwerengero sizikubisidwa.

Malamulo oika malire pa ngongole amathandizanso, monga limene anthu a ku Switzerland anavomereza pa voti mu 2001, koma lamulo lotere limagwira ntchito pokhapokha ngati Nyumba ya Malamulo ili yokonzeka kuliteteza ngakhale m'chaka cha chisankho.

Chimene ndingapemphe boma lililonse limene lili m'vutoli n'chakuti lisindikize mayina a makampani onse okhululukidwa msonkho pamodzi ndi kuchuluka kwa ndalamazo, liwerenge ogwira ntchito ake mmodzimmodzi, ndipo lipoti la wolondoloza chuma cha boma likatuluka, amene atchulidwamo akayankhe ku khoti. Pochepetsa ndalama, liyambe ndi maulendo, magalimoto ndi maalawansi a akuluakulu, ndipo katemera wa ana ndi malipiro a aphunzitsi zisakhudzidwe.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa