Lipoti langa la msonkhano wa lupus uja

A wapampando, komiti ndi anzanga nonse a m'gulu, ndabwerako bwino ku msonkhano munanditumako uja wa matenda athu a lupus, aja chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwe. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma, ndayambira pamenepa dala chifukwa zinandipeza zoti ena amati ndikungotsata alawansi, pomwe alawansiyo inafika tsiku lachiwiri ine nditakongola kale yokwerera.

Tsiku loyamba anali malonje ndi zolankhula za akuluakulu, masana za kasungidwe ka mafayilo a odwala, panalibe chachilendo.

Chomwe chinandigwira mtima ndi gawo la ma autoantibody, asilikali a m'thupi aja opandukira mwini wake. Zaka zonsezi ndimangomva adokotala akuti ANA yanu ndi positive (ANA ndi ma autoantibody olimbana ndi phata la maselo athu), koma aka kanali koyamba kuiona ndi maso, anatiikira chithunzi cha pa microscope maselo akuwala mobiriwira ngati ziphaniphani mumdima, ndinangoti kakasi kuti kani ndi izi zili m'magazi mwangamu. ANA imapezeka mwa odwala lupus oposa 95 pa 100 alionse, komanso ilipo mwa anthu ambiri abwinobwino, ndiye malamulo a 2019 a EULAR ndi ACR, mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku Ulaya ndi ku America, amaitenga ngati khomo chabe, ikafika mlingo wa 1:80 pa mayeso mpomwe amayamba kuwerenga zizindikiro zina. Chonde tisiye zouza munthu kuti basi uli ndi lupus chifukwa cha pepala limodzi, tachita izi kangapo pagulu pano ndipo tawopseza anthu.

Yoyenera kuilondola ndi autoantibody ina yotchedwa anti-dsDNA poti kwa ambiri imakwera matenda akamayaka. Imagwirana ndi DNA ya maselo akufa nkupanga tizibulumwa timene timakatsakamira mu sefa za impso, mapuloteni a chitetezo m'magazi otchedwa C3 ndi C4 amatsika, kenako munthu amayamba kuona mkodzo wathovu, miyendo kutupa, BP kukwera. Ndinakumbukira m'mawa uja nsapato zinakana kulowa ine nkumati ndi kutopa chabe.

Anakambanso kafukufuku wa 2003 wa magazi osungidwa a asilikali a nkhondo a ku America. Mwa anthu 130 omwe anadzapezeka ndi lupus, 88 pa 100 anali kale ndi autoantibody imodzi kapena zingapo asanauzidwe za matendawa, ena zaka 9 m'mbuyo. Ndiye anzanga omwe mumadziimba mlandu kuti mwina ndinalakwitsa chinachake mwezi womwe ndinayamba kudwala, zinthuzi zimayamba kalekale mwakachetechete.

Tsopano apa ndikupempha amayi muwerenge modekha, paja mwa odwala 10 alionse 9 ndife akazi. Autoantibody ina yotchedwa anti-Ro imatha kudutsa kupita kwa mwana m'mimba, ndipo pafupifupi 2 pa 100 mwa ana a amayi omwe ali nayo amabadwa mtima ukugunda pang'onopang'ono, nchifukwa chake amafuna aziunika mtima wa mwana pafupipafupi, ndipo mankhwala athu a hydroxychloroquine sitisiya tokha tikaima. Ma autoantibody otchedwa antiphospholipid nawo amaundanitsa magazi ndi kupititsa padera, sayezedwa kamodzi ayi, amabwereza pakatha masabata 12. Ndipo omwewa amatha kupangitsa VDRL, mayeso a chindoko aja, kutuluka positive munthu alibe chindoko. Apa misozi inalengeza, chifukwa mukudziwa zomwe zinachitikira mnzathu uja chaka chatha, anatiuza zotsatira zake potikhulupirira koma nkhani inatuluka m'gulu lomwe lino mpaka kukafika kwa apongozi ake. Mpaka lero palibe wapepesa ndipo iye anasiya kubwera. Komiti inati tidzakambirana, tikambirana liti?

Tsiku lomaliza anagwirizana kuti magulu onse aike mphamvu pomenyera mankhwala atsopano ngati belimumab wa 2011 ndi anifrolumab wa 2021. Ndinakweza nawo dzanja koma mtima wanga sunakhutire. Mankhwalawo ndi abwino sindikukana, koma ndi angati pagulu lathu akudziwa ngati ali ndi anti-Ro kapena antiphospholipid? Ena chaka chatha chonse sanayezetse ndi mkodzo womwe, chinthu cha kamphindi chomwe chingapulumutse impso.

Ndiye maganizo anga ndi oti ndalama ija tinaika pambali ya ma t-shirt ipite ku mayeso, tiyambire omwe akufuna kutenga pakati ndi omwe akutupa miyendo. Ndikudziwa a msungichuma ndi ena anati ma t-shirt amatidziwitsa kwa anthu, ndinagonja pa voti ija koma ndikupempha ibwerenso pa ajenda Loweruka. Zithunzi za ma slide ndabwera nazo, ndidzakuonetsani ya ANA ija, ndipo wina wa komiti andiperekeze kwa mnzathu uja tisanakumane.