Kupitiriridwa mtengo pa okushoni ya pa intaneti si kuberedwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembe pa nkhani imene ikusokoneza anthu amene ayamba kugula katundu pa misika ya okushoni ya pa intaneti, ambiri mwa iwo kudzera mwa abale awo okhala kunja. Mwezi wathawu mphwanga anafika kunyumba atakwiya, foni ili m'manja, n'kunena kuti, "Achimwene, anthu awa ndi akuba." Iye ankafuna kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, koma nthawi iliyonse akatchula mtengo, pasanathe ngakhale sekondi imodzi pankabwera uthenga womuuza kuti wina wamupitirira, ndipo zitachitika kasanu motsatizana anatsimikiza kuti mwini kamerayo wakhala pa kompyuta n'kumamuseweretsa. Zoona zake n'zakuti amene ankapikisana nayeyo mwina anali m'tulo, chifukwa imene inkamuyankha inali kompyuta ya msikawo.

Ife okushoni tinaizolowera ku fodya, ku Kanengo kapena ku Limbe, kumene ogula amayenda m'mizere ya mabelo ndipo wofuna belo amayenera kukhalapo kuti akweze mtengo. Okushoni ya pa intaneti imatha kutenga masiku asanu ndi awiri, ndipo palibe amene angakhale maso usana ndi usiku kudikirira anzake. N'chifukwa chake misika ngati eBay, imene Pierre Omidyar anayambitsa ku California mu 1995, imagwiritsa ntchito njira yotchedwa proxy bidding, kutanthauza kuti kompyuta imakuimirirani ngati mthenga. Inu mumaiuza ndalama zochuluka kwambiri zimene mungalolere kulipira, iyo imasunga nambalayo mwachinsinsi, kenaka imakweza mtengo pang'onopang'ono m'dzina lanu pokhapokha wina akakuputani.

Tiyerekeze kuti kamera yayambira pa madola 20 ndipo inu, pokhala woyamba, mwaika malire anu pa madola 60. Anthu onse amaona madola 20 basi. Wina akabwera n'kutchula madola 30, kompyuta imakuyankhirani nthawi yomweyo ndi madola 31, chifukwa pa eBay ya ku America katundu wa pakati pa madola 25 ndi 99.99 amakwera ndi dola imodzi. Munthuyo akapsa mtima n'kutchula 45, mtengo umafika pa 46, ndipo ngati nthawi itatha popanda wina wobwera, mumalipira madola 46, osati 60 ayi. Madola 14 otsalawo sakhudzidwa ndipo wogulitsa sadziwa n'komwe kuti munali wokonzeka kufika pamenepo. Koma pakabwera wachitatu woika malire ake pa 75, kompyuta imakukwezerani mpaka pa 60, kenaka imakusiyani, iye n'kutsogola ndi madola 61. Mphwanga uja ankangowonjezera dola imodzi imodzi polimbana ndi munthu amene anali ataika kale malire ake patali, ndipo chimene anakwanitsa n'kungomukwezera mnzakeyo mtengo.

Pali timalamulo tiwiri timene anthu ambiri amatiphonya. Anthu awiri akaika malire ofanana, wopambana amakhala amene anayamba kuika, choncho ozolowera misikayi salemba madola 60 enieni koma amawonjezera masenti, monga 60.37, kuti apitirire aliyense amene waima pa nambala yozungulira. Chachiwiri n'chakuti wogulitsa angathe kuika mtengo wobisika umene sangalole kutsika kuposa pamenepo, ndipo malire anu akafika pa mtengowo, kompyuta imalumphira pomwepo ngakhale palibe amene akupikisana nanu. Apa ndi pamene ena amadabwa kuona mtengo wakwera wokha.

Nzeru imeneyi inayamba intaneti isanabwere. Mu 1961 katswiri wa zachuma William Vickrey, wa ku Columbia University, anafotokoza za okushoni imene aliyense amalemba mtengo wake mobisa ndipo wopambana amalipira mtengo wa amene wakhala wachiwiri. Anasonyeza kuti pa okushoni yotere munthu sapindula kanthu pobisa mtengo weniweni umene katunduyo ali nawo kwa iye, chifukwa nambala imene walemba imangosankha ngati apambane kapena ayi, pomwe zimene alipire zimatengera mnzake. Vickrey analandira mphoto ya Nobel mu 1996, ndipo anamwalira patangopita masiku atatu chilengezereni mphotoyo. Ine ndimaona kuti aliyense wogula pa misikayi akanamvetsa mfundo yokhayi, akanaika malire ake kamodzi kokha n'kutseka foni.

Sindikunena kuti chinyengo kulibe. Ogulitsa ena amatuma anzawo kuti azitchula mitengo yabodza pofuna kukankhira wogula weniweni kufupi ndi malire ake, ndipo eBay imaletsa mchitidwe umenewu m'malamulo ake. Palinso ena amene amadikira masekondi omaliza kuti aike mtengo wawo mnzawo asanapeze mpata woganizanso. Kudikira kotereku pa eBay n'kololedwa, popeza kawirikawiri nthawi yotsekera siisuntha, pomwe pa Yahoo! Auctions ya ku Japan wogulitsa angasankhe kuti nthawi iziwonjezeka ndi mphindi zisanu wina akakweza mtengo chakumapeto. Komabe wobwera mochedwayo sangagonjetse malire oposa ake; amangogonjetsa munthu amene anaika zochepa poyembekeza kuti adzawonjezera.

Kwa ife Amalawi, vuto lalikulu lili poyika malirewo. Mtengo wa pa okushoni ndi chiyambi chabe, chifukwa pamwamba pake pamabwera ndalama zotumizira katundu, msonkho wa MRA, komanso kusintha kwa kwacha, imene mu November 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu ayenera kuyamba ndi ndalama zonse zimene ali nazo m'kwacha, achotsepo zonsezi, ndipo zotsalazo ndiye malire ake.

Zomwezi zikukhudzanso ogula galimoto ku Japan. Misika ikuluikulu ya kumeneko, monga USS, imalola ogulitsa galimoto olembetsedwa okha, motero Mmalawi amadutsira kwa munthu wapakati amene amamufunsa kuti angafike pa ndalama zingati. Ndikupempha aliyense wochita izi kuti asanatumize khobidi afunse ngati nambala imene wapereka ndi malire chabe kapena ndi mtengo womaliza, ndiponso kuti galimoto ikagulidwa motsika, ndalama zotsalazo zibwerera kwa yani. Yankho lake lilembedwe, ndipo wapakatiyo avomere kudzasonyeza pepala la mtengo umene galimotoyo yagulidwira.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Limbe