Belarus ili ndi anthu ambiri oyenera kuwadziwa kuposa a Lukashenko

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndinenepo za dziko la Belarus la kum'mawa kwa Ulaya, lomwe dzina lake limamveka m'nkhani zakunja pokhapokha pakakhala za pulezidenti wake, a Alexander Lukashenko, omwe akhala pampando kuyambira 1994, kapena za nkhondo ya ku Ukraine. Nkhani zimenezi ndi zofunika ndithu, koma wowerenga akamangomva zokhazokhazo amayamba kuganiza kuti dziko la anthu pafupifupi 9 miliyoni lilibe china choonetsa, pamene zoona zake ndi zakuti anthu ambiri amene dziko lapansi limawatama anabadwira kumeneko, kungoti mbiri inawalemba m'kaundula wa mayiko ena.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Belarus inakhala dziko loima palokha m'chaka cha 1991. Zaka mazanamazana m'mbuyomo dera limeneli linali pansi pa ufumu wa Lithuania, kenako wa Poland ndi Lithuania pamodzi, kenako wa Russia, ndipo pomaliza linali chigawo cha Soviet Union. Mwana waluso akakula ankapita kukaphunzira ndi kukagwira ntchito m'mizinda ikuluikulu ya olamulirawo, ndipo ulemerero wake unkatsalira komweko. Marc Chagall, wojambula zithunzi amene anamwalira ku France mu 1985, anabadwa mu 1887 m'banja la Ayuda m'dera la Vitebsk, ndipo tinyumba tamatabwa, mbuzi ndi oimba zeze a mumzindawu anapitiriza kuwajambula mpaka muukalamba wake. Mumzinda womwewo munabadwanso Zhores Alferov mu 1930, katswiri wa fizikisi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000 chifukwa cha kafukufuku wake pa tizipangizo ta semiconductor timene lero timagwira ntchito m'mafoni ndi m'mawaya a intaneti oyendetsa mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala. Ignacy Domeyko, katswiri wa za miyala wobadwa mu 1802 m'dera limene lero ndi Belarus, anakathera ku Chile komwe anatsogolera yunivesite yaikulu ya dzikolo ndipo mapiri ena kumeneko amatchedwa ndi dzina lake. Sindikunena kuti anthuwa alandidwe kwa a France, a Russia, a Poland kapena a Chile, pakuti ena mwa iwo ankadzitcha okha nzika za mayiko amenewo, koma nkoyenera kuti potchula mayina awo tizitchulanso nthaka imene inawabala.

Okonda masewero akukumbukira Alexander Hleb, amene anasewera mpira mu timu ya Arsenal kuyambira 2005 mpaka 2008 asanapite ku Barcelona. Olga Korbut wa ku Grodno anapata mendulo zitatu zagolide pa gymnastics pa mpikisano wa Olimpiki ku Munich mu 1972, koma mbendera imene inakwezedwa inali ya Soviet Union, ndipo Vitaly Scherbo atapata zisanu ndi imodzi pa Olimpiki ya ku Barcelona mu 1992 anali m'timu yophatikiza ya mayiko amene anali atangopatukana kumene Soviet Union itatha. Ngakhale lero, Aryna Sabalenka, amene anapambana mpikisano wa tenesi wa Australian Open mu 2023 ndi 2024, amasewera popanda mbendera pambali pa dzina lake chifukwa cha mbali imene boma la kwawo linatenga pa nkhondo ya ku Ukraine.

Komabe anthu amene ndikufuna kwambiri kuti owerenga awadziwe ndi aja amene anasankha kulankhulira munthu wamba wa m'dzikomo. Woyamba ndi Francysk Skaryna wa mumzinda wa Polotsk, amene anaphunzira ku Krakow, nakalandira digiri ya udokotala ku Padua, m'dziko la Italy, mu 1512. Munthu wophunzira chonchi akanatha kudya bwino m'nyumba za mafumu moyo wake wonse, koma mu 1517 anayamba kusindikiza mabuku a m'Baibulo ku Prague, kuyambira ndi Masalimo, ndipo m'zaka zitatu anatulutsa mabuku oposa 20. Anawalemba m'chinenero chapafupi ndi chimene anthu akwawo ankamva, anaikamo zithunzi zogoba pamatabwa, ndipo buku lililonse analilembera mawu oyamba ofotokozera wowerenga wosaphunzira kwambiri zimene apezemo. Pambuyo pake anasamutsira ntchito yosindikizayi ku Vilnius. Ichi ndi chifukwa chake laibulale yaikulu ya dziko la Belarus ku Minsk, likulu la dzikolo, ili ndi chipilala chake kutsogolo.

Njira imene Skaryna analambula inadzakhala yoopsa kwa amene anaitsatira. Usiku wa pa 29 October 1937, apolisi achinsinsi a Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anapha anthu ophunzira oposa 100 ku Minsk, ndipo ambiri mwa iwo anali alakatuli ndi alembi. Mlakatuli wamkulu wa dzikolo, Yanka Kupala, anapulumuka nthawi imeneyo koma anafa mu 1942 atagwa pamasitepe a hotela ina ku Moscow. Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse imene inapha pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse a mu Belarus, ndipo midzi mazanamazana inatenthedwa pamodzi ndi eni ake, monga mudzi wa Khatyn momwe anthu 149 anaphedwa pa 22 March 1943. Vasil Bykau, amene anamenya nawo nkhondoyi ali mnyamata, analemba za iyo m'chinenero cha Chibelarusi, ndipo sanalembe za akazembe ovala mendulo ayi, koma za msilikali wamba wanjala, wozizidwa, amene ayenera kusankha pakati pa kufa ndi kupereka mnzake. Akuluakulu a boma sanakondwe naye m'nthawi ya Soviet Union, ndipo sanakondwenso naye pansi pa a Lukashenko, kotero kuti zaka zake zomaliza anakhala kunja, nabwerera kwawo mu 2003 atatsala pang'ono kumwalira.

Svetlana Alexievich, amene analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 2015, anatenga njira ina imene ine ndimaiona kuti ndi yofuna kudzichepetsa kwambiri. Iye ndi mtolankhani, ndipo kwa zaka zambiri ankayenda ndi chojambulira mawu kukakhala pansi ndi amayi amene anamenya nkhondo ali atsikana, makolo a asilikali amene anafera ku Afghanistan, ndiponso akazi amasiye a ozimitsa moto a ku Chernobyl. Ngozi ya pa 26 April 1986 pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl inachitikira ku Ukraine, koma mphepo inatengera fumbi lambiri lapoizoni ku Belarus, makamaka m'zigawo za Gomel ndi Mogilev, ndipo alimi anauzidwa kuti asiye minda, ng'ombe ndi manda a makolo awo chifukwa cha mdani wosaoneka ndi maso. Mawu a anthu amenewa akanatayika pakanapanda munthu wodekha wowamvetsera. Mayiyu amalemba m'Chirasha, ndipo ena kwawo amamudzudzula pa chimenecho, popeza chiyambire riferendamu ya 1995, imene inakweza Chirasha kukhalanso chinenero cha boma, Chibelarusi chakhala chikuchepa m'masukulu. Mkangano umenewu ndi weniweni, koma suchotsa kanthu pa ntchito imene anagwira. Mu 2020 nayenso anachoka kupita ku Germany.

Chaka chimenecho ndi chimene chisankho chokayikitsa cha pulezidenti chinatulutsa anthu zikwizikwi m'misewu. Sviatlana Tsikhanouskaya, amene anaima pachisankhocho m'malo mwa mwamuna wake womangidwa, anathawira ku Lithuania. Maria Kalesnikava, woimba chitoliro, atamutengera kumalire a Ukraine kuti amutulutse mokakamiza, anang'amba pasipoti yake kuti asachoke, ndipo anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 11. Ales Bialiatski, amene anayambitsa bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Viasna mu 1996 kuti lizithandiza omangidwa ndi mabanja awo, anapatsidwa mphoto ya Nobel ya mtendere mu 2022 ali m'chitokosi, ndipo chaka chotsatira khoti linamugamula zaka 10.

Akonzi, ndikupempha kuti patsamba lanu la nkhani zakunja muzipatula danga, ngakhale kamodzi pamwezi, lofotokoza mbiri ya munthu mmodzi wotere m'Chichewa chomveka, kuti ana asukulu ndi aphunzitsi awo azipeza poyambira. Mukavomera, yambani ndi Skaryna ndi Bykau, pakuti awiriwa ndi amene satchulidwa kawirikawiri kunja kwa dziko lawo.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa mbiri yakale, Zomba