Lipoti la msonkhano wa kuunika ndi kuyendetsa njinga zamoto za m'njira zafumbi

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse,

Nali lipoti la msonkhano umene munandituma, wokamba za njinga zamoto zing'onozing'ono zoyenda m'njira zafumbi, zonga ziwiri zimene gulu lathu lili nazo. Pamene tinkasankha wopita, ena anafunsa ngati ndalama ya thiransipoti ndi alawansi sikanagwira ntchito yooneka ikanagula tayala latsopano. Funsolo linali lomveka, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mpaka kumapeto musanaliyankhe. Malisiti onse ndapereka kale kwa a Msungichuma.

Gawo lotsegulira linali la malonje ndi zolankhula za akuluakulu, ndipo linatalika. Kenaka kunabwera phunziro la laisensi ndi inshulansi, lomwe silinawonjezere kanthu pa zomwe tikudziwa kale: wopanda laisensi asakwere njinga ya gulu. Chimene ndinalemba m'kope pa gawo limeneli ndi za helimeti. Bungwe la World Health Organization linanena kuti kuvala helimeti moyenera kumachepetsa chiopsezo chomwalira pangozi ndi 42 peresenti, ndipo chovulala m'mutu ndi 69 peresenti. Kuvala moyenerako ndiye kuti lamba wamangidwa pansi pa chibwano mothina ndithu, chifukwa helimeti yosamanga imavuka munthu asanafike pansi. Apa mtima wanga unabwerera kuno. Helimeti yathu imodzi lamba wake anaduka kalekale, nkhaniyi yalembedwa m'maminitsi kangapo, ndipo anthu akuivalabe choncho. Ndikukumbutsanso lero. Anatiuzanso kuti helimeti yomwe yamenyetsedwa pansi pangozi sidaliridwanso ngakhale kunja ikuoneka yabwino, poti chofewa cha m'kati chija chimakhala chaphwanyika kale.

Tsopano ndifike pa chomwe ndikuona kuti chinabweza ndalama yanu. Tinatuluka panja, ndipo mphunzitsi wathu, bambo amene wagwira ntchito yokonza njinga zamoto kwa zaka zambiri, anatiimikira njinga imene anali ataisokoneza dala malo angapo. Aliyense amayenera kuizungulira n'kunena chimene chalakwika injini isanalizidwe. Ambiri anathamangira kutsegula thanki kuona petulo, n'kuliza hutala, n'kunena kuti ili bwino. Umu ndi mmenenso timachitira kwathu kuno. Iwo anatipatsa ndondomeko yoyambira ku matayala, kubwera ku zowongolera, nyali, oyilo, thupi la njinga, n'kumalizira sitandi. Ndi ndondomeko ya bungwe la ku America la Motorcycle Safety Foundation, imene amaitcha T-CLOCS. Ubwino wake ndi woti ukazolowera kuyamba malo amodzi tsiku lililonse, dzanja limakumbuka lokha, ndipo zonse zimatha m'mphindi zochepa.

Matayala amapimidwa mpweya ali ozizira, njinga isanayende, chifukwa akatentha mpweya umafufuma n'kukunamiza. Kutsina tayala ndi chala kapena kuliponda ndi chidendene sikupima. Pamafunika geji, ndipo mulingo wake uli m'buku la njingayo. Kenaka uyang'ane minga, misomali, ndi ming'alu ya m'mbali. Koma chimene chinanditsegula maso ndi valavu. Iyenera kuima chilili kuchokera mu limu. Ukaiona yapendekeka, ndiye kuti tayala lakhala likuyenda ndi mpweya wochepa, likutsetsereka pa limu n'kumakoka chubu. Ukapitiriza, valavuyo imazuka pa chubu ndipo mpweya umatha kamodzin'kamodzi uli pa liwiro. Machubu angati tawataya chifukwa chong'ambika pa valavu, ife n'kumati ndi machubu achabechabe? Ndikukhulupirira kuti ambiri mwa iwo tinawapha tokha ndi mpweya wochepa.

Masipoko amagogodwa ndi sipanala mmodzimmodzi, uku ukuzunguza gudumu. Womangika bwino amalira ngati kabelu, wokhwefuka amamveka phuu. Mmodzi akakhwefuka, anzake amasenza katundu wake, n'kuyamba kukhwefuka kapena kuduka, mpaka limu imapindika. Ukatero ugwire gudumu ndi manja awiri n'kuligwedeza cham'mbali. Likagwedezeka, mabering'i atha.

Pa tcheni tinakhalitsa, ndipo ndinakondwera kuti tinatero. Tcheni chimayesedwa m'munsi, pakatikati pa masipuloketi awiri (magudumu amano amene tcheni chimayendapo), pochikankhira m'mwamba ndi m'munsi ndi chala. Mulingo wake umasiyana njinga ndi njinga, ndipo buku ndilo limanena, koma njinga za m'njira zafumbi zimafuna tcheni chomasukirapo kusiyana ndi za pa tala, chifukwa gudumu lam'mbuyo limakwera ndi kutsika kwambiri, ndipo likakwera tcheni chimakungika. Chothina kwambiri chimadya mabering'i a giyabokosi ndipo chimatha kuduka. Chokhwefuka kwambiri chimadumpha pa sipuloketi, ndipo chikakodwa chimamanga gudumu lam'mbuyo nthawi yomweyo. Tcheni sichikutha mofanana, choncho uzunguze gudumu upeze pomwe chathina kwambiri, n'kuyesera pamenepo. Mano a sipuloketi akasongoka kapena kupindikira mbali imodzi, atha ntchito, ndipo kuika tcheni chatsopano pa sipuloketi yotha n'kutaya ndalama. Palinso kaloko kaja kolumikizira tcheni: mbali yake yotseka iyenera kuloza komwe tcheni chikupita, apo ayi chikakhula pa kamtengo kapena mwala kamavuka.

A Wapampando, mundilole ndinene izi pano. Njinga yathu yofiira inabwezedwa tsiku lina tcheni chikukhula pansi, chouma, chadzimbiri, ndipo m'buku lathu lolembamo za njinga munalibe chilembo chilichonse. Nditafunsa, aliyense anati anaipeza ili choncho. Sindikutchula munthu, ndipo sindikufuna kuti titchulane. Koma njinga imene aliyense amaipeza ili choncho ndi imene idzagwetse mmodzi wa ife, ndipo wogwayo akhoza kukhala amene sanalakwe kanthu.

Za zowongolera anatiphunzitsa chinthu chosavuta koma chimene sindinaonepo wina akuchita. Chopatsira moto chiyenera kubwerera chokha msanga ukachisiya. Uchiyese mahandulo ali owongoka, uwakhotetsere kumanja mpaka kumapeto uyesenso, kenaka kumanzere. Injini ikalira, ukhotetsenso mahandulo mbali zonse, ndipo kulira kwake kusakwere. Kukakwera, waya wa moto wapanika penapake, ndipo tsiku lina njinga idzadzipatsa yokha moto pa kona. Kilatchi isiyidwe ndi kampata pang'ono isanayambe kukoka waya, chifukwa yothina kwambiri imapsereza mapuleti. Mabuleki onse awiri ayesedwe pokankha njinga ndi manja, lakutsogolo palokha, lam'mbuyo palokha. Utagwira buleki lakutsogolo, ukankhire njinga kutsogolo ndi m'mbuyo. Ukamva kugogoda pakhosi pa njinga, mabering'i a mahandulo akhwefuka. Uyang'anenso mashoko akutsogolo ngati sakudontha oyilo, chifukwa oyiloyo amatsikira ku buleki.

Nyali, ma indiketa, hutala ndi magalasi tinangodutsamo, nanenso ndingodutsamo: ziyake, zilire, zioneke.

Oyilo ndiye nkhani ina yaikulu. Amapimidwa njinga itaima chilili pamalo osalala, osati itatsamira pa sitandi ya m'mbali, chifukwa ikapendekeka kamtengo kopimira kamanama. Injini za four stroke zimasunga oyilo m'mimba mwa injini. Za two stroke, monga Yamaha DT125 ndi AG100, zili ndi kathanki kapadera ka oyilo amene amapsa pamodzi ndi petulo, ndipo amatha pang'onopang'ono pamene ukuyenda. Kathankiko kakauma, pisitoni imagwirana ndi silinda, injini n'kufa pomwepo. Oyilo wa mitundu iwiriyi sasinthanitsidwa. Pansi pa njinga uyang'ane ngati usiku kwadontha kanthu. Kampopi ka petulo kali ndi malo atatu, ON, OFF ndi RES (potsegulira petulo wapadera wotsalira pansi pa thanki), ndipo ukayenda pa RES n'kuthira petulo, ukabweze pa ON. Ukaiwala, tsiku lomwe petulo adzathe sipadzakhalanso wapadera wokufikitsa pothirira. Zimenezi zachitikira anzathu kuno, ndipo mlandu unagwera a Msungichuma kuti amapereka petulo wochepa.

Fyuluta ya mpweya inandidabwitsa. Mphunzitsi anatsegula ya njinga ina yomwe inkaoneka yoyera kunja, ndipo siponji yake inali itaumbika ndi fumbi. Fumbi likadutsa pamenepo limalowa mu silinda n'kumadya pisitoni ndi maring'i. Ya siponji imachapidwa ndi palafini, osati petulo, kuumitsidwa, kudonthezedwa oyilo, n'kufinyidwa osapotokola. Ya pepala sithiridwa oyilo ayi. Sichinthu cha m'mawa uliwonse, koma m'nyengo yafumbi chimafunika pafupipafupi. Ndifunse, a Mlembi: m'buku lathu muli tsiku lililonse limene fyuluta inatsegulidwapo? Ine sindikulikumbuka, koma ndikukumbuka kuti tinalipira kukonzetsa injini yofuka utsi.

Chomaliza ndi sitandi. Sipuling'i yake ikhale yolimba kuti ibwerere m'mwamba, ndipo usananyamuke uione ndi maso kuti yakwera, chifukwa ikatsala pansi imakodwa ukamakhotera kumanzere. Anatichenjezanso kuti injini isamalizidwe m'chipinda chotseka, poti utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Ife timasunga njinga m'kachipinda kopanda windo, ndipo ndaonapo anthu akuitenthetsera m'menemo m'mawa kukazizira. Tiitulutse kaye panja.

Gawo loyendetsa linali pa bwalo la mchenga ndi timiyala. Mfundo yoyamba ndi maso: njinga imapita komwe ukuyang'ana, choncho ukaona dzenje usaliyang'anitsitse, yang'ana pomwe ukufuna kudutsa. Pamabampu umaimirira pa zopondera, mawondo opinda pang'ono atagwira thanki, kuti miyendo ithandize mashoko. Mumchenga thupi limabwerera m'mbuyo, moto osausiya, mahandulo osawaumirira. Ukachita mantha n'kutseka moto mwadzidzidzi, gudumu lakutsogolo limamira ndipo umagwa. Potsika phiri umalowa giya yaing'ono kuti injini ikugwire, osagwira kilatchi n'kumangotsetsereka. Ukawoloka madzi mabuleki amanyowa ndipo sagwira bwino, makamaka a dilamu, choncho uyende pang'onopang'ono ukuwagwiragwira mpaka aume.

Za buleki lakutsogolo panali mtsutso, ndipo ndinaukonda. Ambiri timaliopa, timati limagwetsa, n'kumangodalira lam'mbuyo. Zoona zake n'zakuti ukamaima, kulemera konse kumapita kutsogolo, ndipo buleki lakutsogolo ndilo lili ndi mphamvu zambiri zoimitsa njinga. Chimagwetsa ndi kulikoka mwadzidzidzi, makamaka pa timiyala kapena njinga itapendekeka pa kona. Limafinyidwa pang'onopang'ono, pamodzi ndi lam'mbuyo, njinga ili yowongoka. Tinayesera kuima ndi lam'mbuyo lokha, kenaka onse awiri, ndipo kusiyana kwa mtunda kunaoneka ndi maso. Ndikufuna aliyense wokwera njinga zathu adzayesere yekha pa bwalo, chifukwa kumva kokha sikuchotsa manthawo.

Panalinso gawo la kalembedwe ka malipoti a mwezi ndi mwezi, ndi lina limene ogulitsa zipangizo anaonetsa katundu wawo.

Potseka, msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse lisankhe munthu mmodzi woyang'anira njinga, likhale ndi buku lolembamo, ndipo lisalole wina kukwera wopanda helimeti ndi nsapato zotseka. Ziwiri zomalizazo ndikugwirizana nazo kotheratu. Yoyambayo ndinaitsutsa komweko, ndipo ndikuitsutsanso pano. Sindikukana kuti pakhale wosunga makiyi ndi wokumbutsa za sevisi. Koma ndikudziwa mmene zidzathere kwathu kuno: tikangosankha munthu mmodzi, ena onse adzati kuunika njinga ndi ntchito ya uje, adzangotenga kiyi n'kuliza. Tsiku lomwe uje wadwala kapena wachoka, palibe adzagwade kuyang'ana tcheni. Munga umalowa m'tayala dzulo madzulo, nati imakhwefuka pa ulendo wa dzulo, ndipo woyenera kuzipeza ndi amene akukwera lero, poti thupi lomwe likagwe ndi lake. Ena kumsonkhanoko anati anthu sadzatsatira chifukwa amakhala akuthamangira nthawi. Yankho langa ndi loti tsiku lomwe tinakankha njinga yoduka tcheni tinataya tsiku lonse, ndipo anthu omwe amatidikirira anabalalika osathandizidwa.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane izi. Tigule geji yopimira mpweya, pampu ndi mafuta opaka tcheni, ndipo zizikhala pamodzi ndi makiyi, osati kunyumba kwa munthu. Helimeti yoduka lamba ichotsedwe lero lomwe, tisadikire kuti ndalama ya ina ipezeke kaye. Wotenga njinga asaine m'buku kuti waiunika, ndipo wobweza alembe chilichonse chimene wamva kapena waona panjira, popanda kumudzudzula chifukwa chonena. Mfundo iyi ndikuitsindika, chifukwa chimene chimatsekera anthu pakamwa ndi kuopa kuti awalipiritsa. Ndikudziwa kuti mu bajeti yathu muli mzere wa petulo wokha, mulibe wa zokonzera, ndipo nkhaniyi tinasiyana nayo osamvana chaka chatha. Ndikupempha a Msungichuma kuti aibweretsenso.

Kumbali yanga, ndine wokonzeka kuonetsa onse okwera njinga ndondomeko yonseyi pa njinga zathu zomwe, tisanayambe msonkhanowo. A Mlembi, chonde pezani mabuku a njinga ziwirizi amene anabwera nazo, chifukwa mulingo wa mpweya ndi wa tcheni tikawerenga m'menemo.

Ine wanu,
Nthumwi yanu ku msonkhano