Thupi layamba kupeza bwino, kodi ndiwauze a mabenefiti tsopano?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 54, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndakhala kuno ku England kuyambira mu 2003. Ndinabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mapepala ondilola kukhala kuno mpaka kalekale ndinapeza. Ndayamba ndi zimenezi kuti musadabwe ndikamakamba za ndalama za boma, chifukwa anzathu amene viza yawo imaletsa thandizo la boma sangazikhudze n'komwe. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti ndayamba kupeza bwino m'thupi, ndipo kupeza bwinoko kwandisowetsa tulo.

Mu 2019 ndinagwidwa ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala kuno amati rheumatoid arthritis. Zala, maondo ndi akakolo zinkatupa moti m'mawa ndinkalephera kumanga mabatani a bulauzi. Mthiko sindinkatha kuugwira, nsima ankavundula ndi bambo a kunyumba, ndipo ndi iwo omwe ankandithandiza kulowa m'bafa ndi kundiveka. Ntchito ndinasiya, chifukwa sunganyamule gogo pabedi pamene iwe mwini ukufuna wokudzutsa.

Ndinafunsira ndalama zotchedwa PIP, zimene nthambi ya boma ya DWP imapereka kwa anthu aulumali ndi odwala matenda okhalitsa. Sayang'ana dzina la matenda kapena ndalama zimene uli nazo, amayang'ana zimene ukulephera kuchita. Zili mbali ziwiri: ya zochita za tsiku ndi tsiku monga kuphika, kusamba ndi kuvala, ndi ya kayendedwe. Amapereka mapointi. Ukapeza 8 ulandira zapansi, ukafika 12 ulandira zapamwamba. Ine anandipatsa zapamwamba mbali zonse, zimene pa mitengo ya Epulo 2025 zinali £110.40 pa sabata mbali yoyamba ndi £77.05 mbali ya kayendedwe. Za kayendedwezo sindizigwira m'manja, zimapita ku Motability, bungwe lobwereketsa magalimoto kwa aulumali, kulipirira galimoto imene timayendera. Bambo anachepetsa maola kuntchito kwawo n'kuyamba kulandira Carer's Allowance, £83.30 pa sabata pa mitengo ya Epulo 2025 yomweyo, imene amapatsa munthu wosamalira wodwala maola osachepera 35 pa sabata. Mwaona kuti khomo lathu lonse latsamira pa kudwala kwanga. Ngakhale kangachepe kamene timatumiza kwa mayi anga kumudzi kamatheka chifukwa mabilu akuno amalipiridwa ndi zimenezi.

Poyamba ndinkamwa methotrexate koma sanandithandize kwenikweni. Kenako adokotala a nyamakazi anandiwonjezera jakisoni wa adalimumab, amene ndimadzibaya ndekha pakatha masabata awiri alionse. Azakhali, mankhwala awa andigwira. Kutupa kwaphwa, ndikusamba ndekha masiku ambiri, mthiko ndayambanso kuugwira. Tsiku labwino ndimayenda mpaka kusitolo ya pakona n'kubwerera popanda ndodo.

Kalata imene anandilembera pondipatsa ndalamazi imanena poyera kuti ndiwadziwitse mwamsanga ngati thandizo limene ndimafuna lasintha, kaya matenda akula kaya achepa. Palibe pamene analemba kuti ndidikire mpaka adzandiitane. Ndipo malamulo a kayendedwe ndi a mamita: amene sapitirira mamita 20 amapeza mapointi 12, koma amene amayenda kupitirira mamita 200 sapeza kanthu. Sitolo ya pakona ija ili kutali kuposa pamenepo. Ndikaima pakhomo pake ndi buledi m'manja, mtima umandigunda ngati ndaba.

Komabe pali zina zimene zikundigwira mwendo. Lamulo lomwelo limati chimene amawerengera ndi mmene munthu amakhalira masiku oposa theka, osati tsiku limodzi labwino. Limatinso chinthu uzichichita mosadzivulaza, bwinobwino, mobwereza pamene pakufunika, komanso nthawi yake isapitirire kawiri ya munthu wopanda vuto. Ine ndikapita kusitolo m'mawa, masana sindingabwerezenso. Ndikaphika chakudya cha alendo, mawa lake zala zimauma. Kuchira kwangaku kwachitika nthawi yotentha, pamene kuzizira kwa kuno ndi kumene kumandipweteka kwambiri chaka chilichonse. Jakisoni yemweyu amafooketsa chitetezo cha m'thupi, moti anandiuza kuti ndikadwala chifuwa chofuna maantibayotiki ndiziyamba ndamuimitsa. Anandiuzanso kuti kwa anthu ena mphamvu yake imachepa pakapita nthawi. Nyamakazi yamtunduwu siichoka, imangogona. Pofunsira PIP amafuna kuti vuto likhale litatha miyezi 3 ndipo liyembekezeke kupitirira miyezi ina 9. Ndiye ndimadzifunsa kuti, ngati kudwala amakuyeza ndi miyezi, kuchira amakuyeza ndi chiyani?

M'nyumba muno tagawanika. Bambo akuti ndikhale chete mpaka 2027, pamene a DWP adzaunikenso okha monga mwa kalata yawo. Akuti walira mvula walira matope, tinapempherera machiritso ndiye tisadziputire mavuto tokha. Sindikuwaweruza. Iwo ndi amene anataya maudindo kuntchito chifukwa cha ine, ndipo pa msinkhu wawo maola amene anasiya sabwerera msanga. Koma nawonso akudziwa kuti masiku ano sakundisamalira maola 35, ndiye nkhani ya kusintha ikukhudza ndalama zawonso. Nyuzipepala zakuno zakhala zikulemba za osamalira odwala ambirimbiri amene anauzidwa kubweza ndalama zochuluka chifukwa malipiro awo a kuntchito anapitirira malire pang'ono chabe. Nkhani zimenezo iwo amaziwerenga n'kungoti kukamwa yasa.

Mwana wathu wamkazi, amene anakulira kuno, akuti, “Amayi, imbani foni mawa lomwe.” Akuti a DWP akadzazindikira okha adzawerengera kuyambira pamene ndinayamba kupeza bwino, ndipo zonse zimene ndinalandira mopitirira ndidzabweza. Pamwamba pake pali chindapusa cha £50 kwa amene sananene kusintha popanda chifukwa chomveka, ndipo akaona kuti unabisa dala nkhani imatha kufika kukhoti. Akunena zoona. Kungoti ana a kuno amalankhula ngati lendi imalipiridwa ndi chilungamo.

Ndiye pali anthu. Ku ukwati wa mwana wa mnzathu ndinaimirira pa perekaniperekani n'kuvinako pang'ono, nyimbo imodzi yokha, ndipo wina anaika vidiyo pa Facebook. Masiku otsatira ndinali chigonere, koma zimenezo palibe anajambula. Mayi wina wa kumpingo anandinong'oneza akuseka kuti, “Mesa inu mumalandira za olumala?” Kuno kuli nambala ya foni yoneneza anthu oganiziridwa kuti akuba mabenefiti, ndipo woneneza safunika kutchula dzina lake. Abusa athu nawo akundipempha kuti ndiime kutsogolo ndipereke umboni wa zimene Mulungu wandichitira. Ndikufuna kutero, chifukwa wandichitiradi zazikulu. Koma ndingaime bwanji pamaso pa mpingo kunena kuti ndachira, pamene kuboma fomu yanga ikunena kuti sinditha kuvala ndekha? Ndakhala ndikuwazemba abusawo, ndipo ayamba kudabwa.

Kunena za mumtima mwanga, sindikufuna kudya ndalama zimene si zanga. Ndinagwira ntchito zaka zambiri ndikulipira msonkho, ndipo pamene ndinadwala ndinalandira ndi mutu woweramuka chifukwa zinali zoyenera. Ndikufuna zikhale choncho mpaka mapeto. Chimene chikundiopsa n'chakuti ukangonena kuti pali kusintha, amatha kuunikanso zonse kuyambira pachiyambi, ndipo zotsatira zake zikhoza kukhala kuchepetsa kapena kuimitsiratu. Za kayendedwe zikatsika kuchoka pamwamba, galimoto ibwerera kwa eni ake. Mbali ya tsiku ndi tsiku ikatha, Carer's Allowance ya bambo ithera pomwepo. Ukapanda kugwirizana nazo uli ndi mwezi umodzi wopempha kuti aganizenso, kenako nkhani imapita ku tribunal, bwalo lomva madandaulo otere, ndipo nthawi yonse yodikirayo ndalama zochotsedwazo sizibwera. Nanga Januwale akafika maondo n'kutupanso, ine ndili pa bus stop m'chisanu? Ndi mmene ndinavutikira polemba fomu yoyamba ija, kufotokozera mlendo mmene ndimakhalira pachimbudzi, sindilakalaka kuyambiranso.

Ndithandizeni, azakhali, pamodzi ndi awerengi amene anadutsamo. Kodi munthu wa matenda okwera ndi kutsika ngati anga ayenera kunena liti kuti zasintha, akangoona kusintha kapena akaona kuti kwakhazikika? Mwana uja akuti ndiyambe kulemba m'kabuku tsiku lililonse zimene ndatha ndi zimene ndalephera, kenako ndipite nako ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu, ndisanaimbe foni. Kodi kudikira kuti kabukuko kadzaze si kubisa komweko? Kodi ndipemphe kaye kalata kwa adokotala a nyamakazi yofotokoza kuti matendawa angodekha ndi mankhwala, kuti ndisakaoneke ngati ndachiriratu? Ndipo ndikaimba foniyo ndilankhule bwanji, poti ife tinaleredwa kuyankha kuti “ndili bwino” ngakhale tikumva ululu?

Funso lolemera kwambiri ndi la bambo. Sindinachitepo chinthu cha ndalama iwo atakana. Ngati mukuona kuti ndiyenera kunena tsopano, ndiwafikire bwanji munthu amene anandisambitsa zaka zonsezi, kuti asaone ngati ndapeza mphamvu n'kuyamba kuwachotsera chakudya pakamwa? Kodi ndiitane ankhoswe pa nkhani ngati iyi, kapena kutero n'kuulutsa za m'nyumba kwa anthu omwe ndikuwaopawo?

Chonde dzina langa ndi tauni imene ndikukhala musazilembe, Amalawi kuno timadziwana.

Ine,
Mayi wa ku Ntcheu, ku England