Kusinkhasinkha mwachete si mankhwala a aliyense

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa maphunziro okhazika mtima pansi, omwe ena akuwatcha mindfulness, amene afika m'magulu athu a banki m'khonde kuno ku Lizulu. Mphunzitsi amauza anthu kuti akhale chete, atsinzine, n'kumangomvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Ine zimandithandiza. Ngongole ya feteleza ikandisowetsa tulo, ndimachita zimenezi mphindi 10 ndipo mtima umatsika. Chomwe ndikukana ndi mawu oti njirayi ndi ya wina aliyense.

Mwezi wathawu ndinapita nawo azakhali anga. Iwowa anabwera kuno ali mtsikana kuchokera ku Angonia, pothawa nkhondo ya ku Mozambique ija inatha mu 1992. Anakwatiwa konkuno, alera ana ndi ndalama za kachewere, ndipo za nkhondoyo sakamba. Atangotsinzina, pasanathe mphindi zisanu, anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpweya ukubanika. Mphunzitsi anangoti, "Amayi, limbikani, musatsegule maso, zidutsa." Sizinadutse. Anatha masiku atatu osagona. Pambuyo pake anandiuza kuti bata lija linawabwezera kuthengo komwe ankabisala usiku, kumene ngakhale kutsokomola kukanawaphetsa.

Azakhali anga si ofooka ayi, ndipo si iwo okha. Willoughby Britton wa ku Brown University ku America ndi anzake anatulutsa kafukufuku mu 2017 atacheza ndi anthu osinkhasinkha, ndipo ena mwa iwo ananena za mantha, kusowa tulo ndi kubwerera kwa zoopsa zomwe anaziona kale. Ndiponso Jon Kabat-Zinn poyambitsa maphunziro otere mu 1979 ku University of Massachusetts, anawakonzera odwala a kuchipatala, ndipo ankatenga masabata angapo. Ife tikupatsidwa zomwezo masana amodzi, pansi pa mtengo, popanda wofunsa kuti mumtima mwa munthu muli chiyani.

Makolo athu ankadziwa kuti wosweka mtima sasiyidwa yekha ndi maganizo ake. N'chifukwa chake pamaliro timagona m'siwa ndi anamfedwa, tikuimba mpaka kucha. Azakhali anga mpumulo amaupeza ku kwaya ya amayi ndiponso podulira limodzi ndi anzawo kudimba, manja akugwira ntchito, pakamwa pakucheza.

Pempho langa kwa mabungwe obweretsa maphunzirowa n'lakuti mphunzitsi azicheza kaye ndi munthu aliyense payekha asanayambe. Wofuna kukhala maso ali otsegula aloledwe, wofuna kutuluka atuluke popanda kumuchititsa manyazi. Wina akavutika ngati momwe anachitira azakhali, aperekezedwe kuchipatala cha boma kukaonana ndi odziwa za matenda a maganizo. Gulu lathu likumananso Lachinayi likudzali, ndipo muli amayi ena awiri omwe anathawa nkhondo yomweyo.

Wowerenga wanu,
Lizulu, Ntcheu