Zikomo a pa internet cafe ya ku Rosettenville, mayina a gulu lathu apulumuka

Kwa a manijala ndi nonse ogwira ntchito pamenepo,

Moni nonse, ndikhulupirira muli bwino ndipo bizinesi ikuyenda. Ine ndine mlembi wa kagulu kathu ka aMalawi kothandizana pa maliro kuno ku Joni, ndinabwera ndi laputopu yakale ija yomata ndi selotepi pakona, mwina mwandikumbukira. Komiti yandituma kuti ndilembe kalatayi, koma olo akanapanda kundituma ndikanalemba ndithu, chifukwa zomwe anatichitira achimwene aja okhala ku makompyuta a kumbuyo si zoti munthu angonena zikomo ali pakhomo n'kumapita.

Inunso ndi a kwathu nde mukudziwa mmene zimakhalira munthu akatisiya kuno. Foni imalira usiku, ndipo kusanache pamafunika nambala ya malume ake ku Mangochi kapena ku Mzimba, nambala ya abwana ake kumene amagwira ntchito, a ku mochale, a galimoto yonyamula thupi, imelo ya ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria, ndi onse osonkha. Ulendo wake ndi uja wautali, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ndipo pa boda iliyonse a galimoto amafuna munthu woti amuimbire zikavuta. Zonsezi kwa ife zinali mu Outlook, pulogalamu ya imelo, ya mu laputopu imodzi, yomwe mlembi wakale anandisiyira pobwerera kumudzi. Laputopuyo inayamba kumazima yokha, kutentha pansi, fani kumalira, batire nayo osagwira ukangozula chaja.

Chinthu choyamba chimene achimwene aja anandionetsa ndi choti makontakiti athu sanali pa intaneti ayi. Ambirife timangoti poti imelo imabwera pa intaneti ndiye kuti mayinanso ali komweko. Iwo anatsegula mbali ya People mu Outlook, momwe mumakhala mayina, nandiuza kuti mmene akauntiyo inakonzedwera, mayina onse amakhala mu fayilo imodzi ya mkati mwa kompyuta momwemo, hadi disiki ikafa ndiye kuti apita basi, olo mutagula laputopu yatsopano n'kulowetsa imelo yomweyo simuwapeza. Anawonjezanso kuti Outlook 2016 yomwe inalimo pamodzi ndi Windows 10 zonse Microsoft inasiya kuzisamalira pa 14 October 2025, ndiye si malo okhalitsapo zinthu za anthu.

Kukopera kwake sikunali kovuta, chomwe chinandisangalatsa n'choti sanandilande mausi. Anakhala pambali n'kumati dinani File, kenako Open & Export, kenako Import/Export, musankhe Export to a file. Pamenepo pamabwera mitundu iwiri ndipo anati tipange yonse. Ya .pst ija ndi ya Outlook yokhayokha, imasunga zonse mmene zilili koma pulogalamu ina siiwerenga bwino. Ya Comma Separated Values, yomwe amangoti CSV, ndi imene imalowa paliponse, ku Gmail kaya pa pulogalamu ina ya imelo. Tinasankha foda ya Contacts, tinalemba dzina la fayilo ndi deti la tsikulo kuti mawa tisamakanganirane kuti yatsopano ndi iti, n'kuponya mu fulashi. Kafayilo kake kakang'ono zedi, chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp chimaposa.

Apa ndi pamene ndikufuna a manijala mumve bwino chifukwa ena akanangondipatsa fulashiyo n'kulandira ndalama. Achimwenewo anandifunsa kuti mukamalemba imelo, mayina aja amatulukira okha mukangolemba zilembo ziwiri, muli ndi chikhulupiriro kuti onse ali mu Contacts? Tinayesa dzina la a msungichuma athu, linatulukira bwinobwino pa mzere wa To, koma mu Contacts munalibe. Kani mndandanda umene uja ndi wina, Outlook imangokumbukira anthu amene unawalemberapo, ndipo popanga CSV sumatuluka nawo. Tinakhala pansi kumalemba a, b, c mpaka z kumaona amene akutulukira, osowawo n'kumawalowetsa mu Contacts mmodzimmodzi, ndipo ena mwa iwo anali anthu ofunika zedi, a galimoto aja ndi m'busa amene amatiyendetsera mapemphero. Ntchito yotopetsa, makasitomala ena akudikira kupulinta ma CV awo, koma sanandithamangitse, amapita kukathandiza ena n'kubweranso. Titamaliza tinapanganso fayilo yatsopano.

China chimene sindidzaiwala ndi cha Excel. Anati tiitsegule CSV ija muone zomwe zimachitika, koma musadine Save. Abale inu, nambala za kwathu zija zoyamba ndi +265 zinasanduka zinthu zachilendo ngati 2.65E+11, kachizindikiro ka + kachoka, ndipo zolembedwa 088 kapena 099 ziro woyamba uja wasowa. Za kuno za +27 nazonso + kulibe. Excel imaziona ngati ndi masamu owerengera ndalama osati nambala za foni, ndiye ukasevera pomwepo wawononga fayilo yonse, tsiku la maliro uzidzaimba nambala yoperewera. Anati mukafuna kungoyang'ana tsegulani ndi Notepad, mukafuna kukonza mu Excel pangani kaye kopi ina ndipo mzere wa nambala muuuze kuti ndi Text. Zimenezi ndinakafotokoza ku msonkhano, a wapampando anagwira pakamwa chifukwa iwo Excel amaikhulupirira kwambiri.

Kenako tinatsegula akaunti ya Gmail ya gulu, osati yanga ayi, kuti ine ndikadzachoka kapena ndikadzatsogola wina asadzavutike. Pa contacts.google.com pali batani la Import, tinasankha CSV ija, mayina onse mbwee. Obwerezabwereza analipo ambiri, munthu mmodzi katatu, kwina dzina lake lenileni kwina "bambo a ujeni" kwina dzina la kuntchito, tinawaphatikiza ndi Merge & fix koma anandichenjeza kuti ndiziona kaye ndisanavomere poti kwathu a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, kompyuta ikhoza kuphatikiza anthu awiri osiyana. Anandiuzanso kuti dzina ukalifufuta mwangozi limakhala mu Trash masiku 30, komanso kuti akaunti ya Google ikakhala zaka 2 osaitsegula ikhoza kufufutidwa, ndiye tizilowamo ndithu. Pasiwedi tinagwirizana kuti aidziwe anthu atatu a mu komiti.

Za kupulinta ndi zimene ine ndinabwerera kwenikweni, ndipo ena mu gulu amandiseka ati mapepala ndi zachikale. Asekeni. Mafoni kuno amabedwa tsiku ndi tsiku, pa Park Station, mu taxi, pa robot, magetsi akazima batire imatha, data nayo imatha pa nthawi yolakwika, ndipo agogo ena mu gulu lathu ali ndi kafoni ka mabatani basi. Pepala silifuna chaja. Mu Outlook muja mukakhala pa People n'kudina File kenako Print, pamabwera masitayilo angapo. Card Style imatulutsa zonse, imelo, adilesi, kuntchito, koma imadya mapepala koopsa. Achimwene aja anandionetsa kaye pa sikirini kuchuluka kwa mapeji tisanadine chilichonse, n'kunena kuti kwa inu Phone Directory Style ndi yokwanira, dzina ndi nambala basi, motsatira afabeti. Kunena zoona munthu wofuna ndalama akanasankha ya mapeji ambiri ija poti mumalipiritsa pa peji. Tinapulinta ya Card Style imodzi yokha yosunga ine, zinazo zazifupi, za wapampando, msungichuma ndi mayi amene amayang'anira mbali ya amayi. Kabuku kanga munakaika chikuto cha pulasitiki ndi waya uja wozungulira, kakukwana bwino mu chikwama.

Ndithokozenso pa nkhani ya chinsinsi. Populinta tinadutsira pa kompyuta yanu poti laputopu yanga imakana kulumikizana ndi pulinta. Titamaliza, ndisanafunse n'komwe, anafufuta fayiloyo mu Downloads, anakhuthula Recycle Bin, anatuluka mu Gmail ine ndikuona, ndipo mapeji awiri amene anatuluka opindika anandipatsa kuti ndikang'ambe ndekha. Anatchulapo za lamulo la POPIA lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, loti zinthu za anthu monga nambala ndi maadilesi sizisiyidwa mwachisawawa. Ine za malamulo sindizitsata kwambiri, chimene ndikudziwa n'choti anthu athu anandipatsa nambala za makolo awo akundikhulupirira, ndipo akuba a pa foni aja ongoimba kumudzi n'kumati mwana wanu wamangidwa tumizani ndalama, mndandanda ngati umenewu atautola ndiye kuti apeza munda.

Kadandaulo kamodzi kokha poti tikulankhulana pachibale, inki ya pulinta ija inali ikutha, mapeji omalizira kuyambira pa T kupita kumunsi atuluka otuwa moti a Tembo ndi a Zimba ndachita kuwadutsitsanso ndi bolopeni. Si nkhani yaikulu koma muione.

Pempho lathu ndi ili, ngati n'kotheka achimwene aja alembe masitepe amenewa pa pepala limodzi m'Chichewa mumate pakhoma pafupi ndi pulinta, chifukwa magulu ngati lathu ndi ambiri ku Turffontein, ku Mayfair, ku Yeoville, kuphatikizapo a mipingo ndi matransipota, ndipo ndikukayika ngati onse ali ndi kopi ina ya mayina awo. Ife tagwirizana kuti miyezi itatu iliyonse tizitulutsa fayilo yatsopano ndi kupulintanso poti anthu amasinthasintha nambala. Fulashi imodzi ili kwa ine, ina tatumiza kwa a msungichuma.

Loweruka likubwerali a wapampando abwera ndi foni yawo, mayina awo onse ali mu simu khadi ndipo yadzaza, akufuna muwasamutsire ku Gmail. Ndi achikulire ndipo amafunsa kambiri, muwapirire. Bambo manijala, muwapatsire moni achimwene aja, Mulungu azidalitsa ntchito ya manja anu.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu, m'malo mwa komiti yonse